Kalata ya Belen m'Dzanja la Arsenio

Ukwati wa Efren Magsino ndi Belen ndinauphikira ine. Alendo mazana atatu anadya mpunga, nkhumba zowotcha ziwiri ndi msuzi wa mafupa a ng'ombe, ndipo mpaka lero ku Taal akamakumbuka ukwati umenewo amayamba ndi msuzi wanga, akwati amabwera pambuyo. Ndikutchula zimenezi kuti mudziwe kuti nkhaniyi sindinaitole pamsewu. Ndinaona poyambira pake, ndinaona pothera pake, ndipo zimene sindinaone ndi maso ndinazimva m'khoti, nditakhala pa benchi yakutsogolo masiku onse asanu ndi anayi.

Efren anali wosula mipeni yopinda ija timaitcha balisong, ntchito ya bambo ake ndi agogo ake. Dzanja lake linkadziwika. Mpeni wake ukautsegula unkalira kamodzi kokha, osagwedera. Belen anali wopeta maluwa pa malaya a ukwati. Akazi ena amayamba ajambula papepala, koma iye ankangoyang'ana nsalu, n'kuwerengera ulusi m'mutu, maluwa n'kutuluka ofanana mbali zonse. Zaka zisanu ndi chimodzi zoyamba anthu awiriwa anakhala bwino ndithu. M'mawa uliwonse Efren ankakagula buledi wotentha n'kumuikira mkazi wake pambali pa khofi. Lamulungu akamadutsa pa njinga yamoto kupita ku tchalitchi, Belen atamugwira m'chiuno, atsikana ankatsinana. Mwana analibe, koma zimenezo sizinkawayambanitsa.

Chimene anthu sankachiona n'chakuti Belen anali wosungulumwa m'mutu. Ankawerenga chilichonse, mpaka mapepala okulungira nsomba zouma. Akayamba kufotokoza chifukwa chimene phiri limafukira utsi, anzake opeta ankati, "Wayambatu mphunzitsi wathu." Efren naye ankangoseka, "Mutu wakowo udzaphulika, mkazi wanga. Idya." Ndiye anaphunzira kutseka pakamwa.

Tsiku lina Dokotala Ocampo, mayi woona za maganizo a anthu wa ku Manila, anabwera kudzapetetsa diresi. Anacheza ndi Belen ola limodzi, diresi n'kuiwalika. Anamutumiza kukalemba mayeso oyeza nzeru, ndipo zotsatira zitabwera anamuitanira ku nyumba ya paphiri. Efren ananyadira kwambiri. Pepala lija analiika m'galasi, n'kulipachika kosulira mipeni, aliyense wodzagula ankayamba waliwerenga.

Nyumba ya paphiri ija, ku Tagaytay, ndimaiyendetsa ine, chaka chino n'cha khumi ndi chimodzi. Papepala mwini wake ndi Dokotala, koma makiyi amagona m'thumba mwanga. Katatu pachaka kumabwera anthu makumi awiri amene anakhoza mayeso aja, kudzakhala masiku asanu. Amati akufuna anzawo owamvetsa. Muwaone! Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, maloya ndi mainjiniya, kukhala mozungulira pa mphasa n'kumalira chifukwa ali ana anzawo sankafuna kusewera nawo. Munthu wodziwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri kulephera kutsegula zenera la bafa. Ine ndinamaliza sekondale ndili wachiwiri m'kalasi ya anthu makumi asanu, ndipo sindinalirepo pa mphasa ya munthu.

Malamulo a kumeneko ndi awa. Mafoni amalowa m'dengu langa pageti. Zolankhulidwa pa mphasa sizituluka, ngakhale kwa mkazi kapena mwamuna wako. Tsiku loyamba amachita maere, mayina m'chikho cha kokonati, aliyense n'kupeza mnzake womumvetsera chaka chonse. M'mawa uliwonse awiriawiriwa amayenda m'minda ya chinanazi, wina akulankhula, wina akungomva osayankha, ndipo akabwerera kwawo amaimbirana Lachitatu lililonse.

Ndiyeno pali mwambo wa kalata. Tsiku lomaliza aliyense amadzilembera kalata, kudzilankhula yekha monga angamulankhulire munthu womukonda. Koma anthu amenewa ukawapatsa cholembera amafufuta mzere umodzi kakhumi. Choncho Dokotala anakonza zoti mwini kalata azingolankhula, mnzake wa maere azilemba, osasintha liwu ndi limodzi, osasaina. Makalatawo amandisiyira ine, ndimawakhomera m'kabati, pakatha miyezi itatu ndimakawaponya ku positi.

Ndinawachenjeza Dokotala kuyambira chaka choyamba. Ndinati, "Kalata ya mawu achikondi, dzanja la mwamuna wina, kukalowa m'nyumba ya mwini? Mwaganiza bwino?"

Iwo anaseka, n'kunditchula dzina langa mwaulemu wa kwathu. "Aling Pacita, anthu athu ndi ozindikira."

"Iwowo inde," ndinatero. "Nanga amuna awo?"

Sanandimvere. Munthu wa sekondale angawauze chiyani a madigiri atatu?

Belen anabwera mu Januwale, ndipo maere anamugwetsera pa Arsenio Villapando, injiniya wa milatho, bambo wa zaka makumi asanu, wadazi, wachibwibwi pang'ono, wokwatira. Munthu wosaoneka n'komwe. Malaya ankawamanga mosemphanitsa mabatani, ndipo ndine amene ndinkamuuza. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, masiku asanu onsewo sindinaone chala cha Arsenio chikukhudza ngakhale mpango wa Belen, ndipo maso anga saphonya kanthu.

Tsiku lachisanu Efren anabwera kudzamutenga, atavala malaya oyera. Ndinamuimika pageti, chifukwa achibale salowa. Belen anatuluka nkhope ikuwala ngati mkwatibwi.

"Ndiye zinali bwanji? Munkakamba chiyani masiku onsewa?" anafunsa Efren akumupatsa chipewa cha njinga.

"Sindingakuuze, Efren. Tinalonjezana."

"Ngakhale ine?"

"Ngakhale iwe. Koma ndikuuze chimodzi, kumeneko palibe anandiuza kuti ndikhale chete ndidye."

Ankanena mwanthabwala. Efren anaseka, koma kuseka kwake kunathera pamano. Ndinaona, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti kachirombo kalowa.

Nsanje siyamba ndi mpeni ayi. Imayamba ndi kanthu kakang'ono kamene munthu amachita nako manyazi kukatchula. Lachitatu lililonse, nthawi ya folo koloko, Belen ankatenga foni n'kupita kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Efren ankasiya kunola n'kumamvetsera. Mawu sankawamva, ankangomva kuseka. Ndipo kuseka kumeneko, kochokera m'mimba, zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati anali asanakumvepo.

Apa m'pamene analowererapo Tessie, mlongo wake wa Efren, amene amagulitsa nyama ya ng'ombe pamsika pamene ndimagula ine. Mkazi wa lilime lakuthwa kuposa mipeni ya mchimwene wake. Anandifunsa akundidulira mafupa, "Aling Pacita, mlamu wanga ankatani kumtunda kwanu kuja?"

Ine sindinama, ndipo sindijeda anthu. Ndinangomuuza zoona, kuti m'mawa uliwonse ankayenda m'minda ndi a Injiniya, awiriwiri, monga mwa lamulo. Basi. Ngati iye anathira tsabola, mlandu ndi wake.

Loweruka lomwelo Tessie anakwera basi mpaka ku Taal, n'kumupeza Efren pamoto.

"Kuya, achimwene anga, pepala lili m'galasili ukulipukutabe fumbi?"

"Wabwera ndi chiyani, Tessie? Nyama yakuolera?"

"Yaola ndi ya kwanu kuno. Mkazi wako ankalowa m'chinanazi ndi mwamuna m'mawa uliwonse, ola lathunthu, popanda wachitatu. Iwe uli pano kupsa zala. Amati ndi lamulo la anzeru. Ife opusa timalitchula dzina lina."

"Tseka pakamwa pakopo. Belen si wotero."

"Eya, si wotero. N'chifukwa chake mafoni amalanda pageti, kuti osakhala otero asasokonezedwe. Ukafuna kulowa, amakuimika panja ngati galu. Kapena ndikunama?"

Efren anamuthamangitsa ndi chopanira chamoto. Koma mawu aja anatsala.

Tsono mverani zimene anachita munthu wosauka mumtimayu. Sanauze aliyense. Anavala malaya oyera aja, anakwera basi ya ku Manila, n'kukalemba mayeso omwe aja. Anaganiza kuti akakhoza, geti lidzamutsegukira, adzakhala pa mphasa pambali pa mkazi wake, n'kumva chimene chimamuseketsa. Anakhala maola atatu akuyang'ana timabokosi ndi timizere, thukuta likudontha papepala. Patatha milungu iwiri anamuimbira foni. Mtsikana wa mawu aulemu anamuuza kuti nzeru zake n'zabwinobwino ndithu, ngati za anthu ambiri.

Ngati za anthu ambiri! Munthu amene amadziwa kupsa kwa chitsulo pongoona mtundu wake. Tsiku limenelo anachotsa pepala la Belen pakhoma n'kuliponya pansi pa benchi. Buledi wa m'mawa anasiya kugula.

Mu Malichi Arsenio anali ndi ntchito ya mlatho kufupi ndi Lemery, tauni yoyandikana ndi Taal, ndipo anaitana Belen kuti akumane pa kantini ya pamsewu masana. Belen sanamuuze Efren. Anati akukagula ulusi, poopa nkhope ija imene mwamuna wake anali atayamba kuvala. Apa ndiye analakwa, ndipo sindimuikira kumbuyo. Anakhala ola limodzi akujambula milatho pa mapepala opukutira pakamwa. Koma Lemery si Manila. Wokweza anthu pa njinga anaona, anauza Tessie, ndipo Belen asanafike n'komwe kunyumba, Efren anali atamva kale.

Belen anamupeza atakhala pakhonde. "Ulusi uli kuti?"

"Sanandipezere mtundu wake."

"Mtundu wadazi?"

Belen anaima chilili. "Ndinakumana ndi a Injiniya, inde. Tinamwa khofi pagulu, anthu akuona."

"Ndiye unandinamiziranji?"

"Chifukwa cha zomwezi! Taona mmene wakhalira. Munthu ndingakuuze chiyani?"

"Mumakamba chiyani Lachitatu lililonse? Ndiuze chimodzi chokha."

"Zawo sindingaulule. Zanga ndinakhala ndikukuuza zaka zisanu ndi chimodzi, iwe n'kumati idya."

"Oho! Tsopano ndine mbuli eti? Wosula zitsulo, wonunkha makala. Mayi anzeru akwatiwa molakwika."

"Mawu amenewo watchula ndiwe, osati ine."

Efren anamenya chitseko ndi chibakera mpaka thabwa linang'ambika. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muja munalowa chisanu. Ankadya mosinthana. Ankalankhulana kudzera mwa mphaka.

Akazi anzanga, ndikuuzeni ine amene ndakhala ndi mwamuna mmodzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu osandikwezerapo dzanja. Lonjezo limene wapanga ndi alendo pa mphasa lisakule kuposa limene unapanga pa guwa. Ndipo inu amuna, mkazi akaseka ndi wina, musathamangire kufunsa kuti wina uja ndani. Yambani mwadzifunsa kuti inu munasiya liti kumuseketsa.

Pa 20 Epulo ndinatsegula kabati, ndinatenga makalata makumi awiri aja n'kukawaponya. Sindinachedwepo ndi tsiku limodzi pa zaka zonsezi, mukafunse. Wa positi anafika kwa Magsino Lachisanu m'mawa, Belen atapita kukapereka malaya. Efren anaona envulopu, dzina la mkazi wake litalembedwa ndi zilembo zoongoka za munthu wojambula mapulani. Anaitumbula ndi mpeni umene anali kunola.

Kalatayo ndikuidziwa pamtima, chifukwa inawerengedwa kawiri m'khoti. Inati:

"Belen wanga wokondedwa, ndimakukonda mmene ulili. Ndimakonda mutu wako wosapumawo. Wakhala ukudzipinda zaka zambiri kuti ukwane m'kabokosi ka anthu ena, tsopano tambasuka. Masiku asanu awa ndakuona ukupuma koyamba. Usaiwale m'mawa wa m'chinanazi. Efren ndi munthu wabwino. Sakumvetsa, koma amakugulira buledi wotentha. Usamunyoze mumtima, umuleze mtima. Ine sindidzakusiyanso."

Belen atalowa pageti anamupeza ataima pakati pa bwalo, pepala lili m'manja.

"Bwera kuno, hule iwe. Bwera undiwerengere, paja ine sindimvetsa."

Belen anayang'ana pepala lija, n'kugwira pamtima. "Mayo, Efren, imeneyo ndi kalata yanga! Ndinadzilembera ndekha."

"Ili ndi dzanja lako?"

"Dzanja ndi la a Injiniya, koma mawu ndi anga. Ndinkalankhula ine, iwo akulemba. Ndi mwambo wa kumeneko, aliyense amatero."

Efren anaseka kuseka koipa, mpaka nkhuku zinathawa. "Tamverani anthuni! Wadzifunsira yekha chibwenzi! Wadziuza yekha kuti sindidzakusiya! Belen, ndine wopusa, ndavomera, a ku Manila anandiuza kale. Koma si kupusa kofika pamenepo."

"A ku Manila ati? Efren, unakalemba mayeso?"

Nkhope ya Belen inagwa ndi chisoni, ndipo chisoni chimenecho n'chimene chinamaliza zonse. Mwamuna amapirira kutukwanidwa, koma kumveredwa chisoni ndi mkazi wake, ayi.

"Usandiyang'ane choncho! Mwakhala pansi awiri kundiyeza, eti? Sakumvetsa, umuleze mtima. Ndine mwana wodwala? Mpaka buledi wanga wakamuuza! Munkaseka buledi wanga m'chinanazimo?"

"Palibe anaseka. Ndinkalira ponena mawu amenewo. Kafunse kwa Aling Pacita, kafunse kwa Dokotala, makalata analipo makumi awiri!"

"Ndikafunse kwa oyendetsa nyumba ya uhule ngati muli uhule?"

Anamumenya mbama imene inamugwetsera pa mphika wa maluwa. Aka kanali koyamba. Belen anadzuka, anapukuta magazi pamlomo, ndipo sanalire.

"Ukudziwa, Efren? Mayeso aja sananame. Chinthu chapafupi chonchi chikukukanika."

Ananyamula chikwama n'kupita kwa mayi ake. Mawu omalizawo anadzandiuza yekha kuti akanatha kuwameza, akanawameza ndi malovu ake omwe.

Milungu itatu Efren sanasule mpeni wogulitsa. Anasula umodzi wokha, chigwiriro cha nyanga ya njati, n'kumaunola tsiku ndi tsiku. Tessie ankabwera ndi chakudya komanso nkhani. "Kuya, anthu akukuseka mpaka ku msika wa nsomba. Akuti Magsino amanolera anzake mipeni, mkazi amanoleredwa ndi ena." Kalata ija inkagona m'thumba la malaya, ndipo ankaiwerenga mpaka inayamba kuthetheka m'mapindo. Kukwera basi ya ola limodzi kudzandifunsa ine, ayi, zimenezo zinamulemera.

Msonkhano wachiwiri unali wa mu Meyi. Ndinamuuza Belen pageti, nditaona chipsera pamlomo, kuti bwerera mwana wanga, ino si nthawi yake. Anati, "Aling Pacita, ndikabwerera ndiye kuti ndavomera mlandu umene sindinapalamule." Anaponya foni m'dengu n'kulowa. Anzeru aja anamukhazika pa mphasa, anamuuza kuti aime pa choonadi chake, anamuombera m'manja. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zoimbira apolisi kapena kutumiza munthu kwa mwamuna wake.

Tsiku lachitatu, seveni koloko m'mawa, ndikusesa pageti, ndinamva njinga yamoto. Anali Efren, atameta bwino, malaya oyera aja, m'manja kathumba ka buledi wotentha.

"Mwadzuka bwanji, Aling Pacita? Ndabwera kudzapepesa mkazi wanga."

"Achibale salowa, ukudziwa. Komanso kulibe, apita koyenda."

"Njira iti?"

Sindinamuuze. Ndinanena m'khoti ndipo ndikunenanso pano, pakamwa panga sipanatuluke liwu. Ngati maso anga anatembenukira ku njira yotsikira kuchitsime, ndi chibadwa cha maso. Komanso munthu wonyamula buledi, ndani akanamukayikira?

Anawapeza pokhota, pamene mizere ya chinanazi imathera. Linali tsiku la Arsenio lolankhula, ndipo Belen ankayenda pambali pake, manja kumbuyo, akumvetsera. Pakati pawo panali mpata woti ng'ombe n'kudutsa.

"A Injiniya!" anaitana Efren. "Ndabwera kudzathokoza kalata."

Belen anakuwa, "Efren, bwerera! Chonde bwerera!"

Arsenio, munthu wosadziwa nkhope ya ngozi, anamwetulira n'kutambasula dzanja. "Ndinu b-bambo Magsino? Ndamva zambiri za inu. Akazi anu amati manja anu..."

"Dzanja ili ndi lanu?" Efren anamuonetsa pepala.

Apa munthu wamba aliyense akanathawa, kapena akanayamba ndi kufotokoza. Koma Arsenio anali wa anthu aja amene funso amaliyankha monga lafunsidwira. Anavala magalasi, anayang'anitsitsa pepala, n'kunena kuti, "Inde, ndi langa. Ndinalemba ndine. Koma z-zimene zili m'menemo sindingazikambe popanda chilolezo cha..."

Mpeni unalira kamodzi kokha. Efren anamubaya katatu, pachifuwa kawiri, pakhosi kamodzi. Belen anamugwira mkono, n'kuchekeka zala zitatu za dzanja lamanja, dzanja lopetera. Kukuwa kwake ndinakumva ndili pageti, ndipo ndine ndinayamba kufika, ndi miyendo yangayi, anyamata a madigiri akubwera m'mbuyo. Ndinang'amba epuloni yanga n'kutseka bala la pakhosi monga tinaphunzirira kusukulu, koma magazi anali atapita kale m'nthaka. Arsenio anafera m'manja mwanga, mabatani ake ali osemphana. Buledi anali mbwee m'njira. Efren anakhala pa mwala, mpeni pamwendo, kudikira apolisi ngati munthu amene wamaliza ntchito.

Mlandu unazengedwa patatha chaka. Loya wa Efren anayesetsa kunena kuti munthuyu anapsa mtima atagwira mkazi wake ndi chibwenzi, ndipo umboni wake unali kalata ija. Efren anakhala mowongoka masiku asanu ndi limodzi, akuyang'ana Belen ngati wolakwa ndi iyeyo. Dokotala Ocampo anafotokoza mwambo wa makalata ndi mawu aataliatali, woweruza mpaka kuyasamula. Ine nditaitanidwa ndinafotokoza m'mphindi zisanu, aliyense n'kumva. Koma Efren anangopukusa mutu. Kwa iye tonse tinali a gulu limodzi.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri kunaimirira mayi wamfupi wovala zakuda, Consuelo, mkazi wa malemu. Anatulutsa envulopu m'chikwama.

"Iyi inafika kwathu sabata yomweyo," anatero. "Dzanja ndi la mkazi uyo wakhala apoyo."

Woweruza analamula kuti iwerengedwe. Inati: "Arsenio wanga wokondedwa, ndimakukonda ngakhale umachita chibwibwi. Wamanga milatho khumi ndi inayi koma sudziwa kuwoloka tebulo kukafika kwa mkazi wako. Consuelo wakudikira zaka makumi awiri. Pita kwanu ukamuuze zimene umauza chinanazi."

Consuelo anatembenukira kwa Efren.

"Ukuganiza kuti nsanje unayamba ndiwe, mphwanga? Ine nditaona dzanja la mkazi ndinamuponyera mwamuna wanga mpunga wamoto kumaso. Ndinamutukwana mpaka aneba anatseka mawindo. Koma m'mawa mwake ndinakwera basi, maola awiri, kukafunsa. Aling Pacita awo anandionetsa chikho cha maere ndi buku la mayina, ndinabwerako ndi manyazi. Mwamuna wanga anayamba kundilankhula mwezi umodzi wokha pa zaka makumi awiri. Mwezi umodzi! Iwe n'kundilanda. Basi yochokera kwanu ndi ola limodzi, chitsiru iwe."

N'zoona, anabwera, ndipo ndinamupatsa khofi. Mwina mungafunse kuti bwanji sindinaganize pamenepo zotumiza mawu ku Taal. Ine ntchito yanga ndi makiyi, khitchini ndi positi. Za maganizo a anthu zili ndi eni ake amene amalandirira malipiro.

Efren anapempha kuti amupatse kalata ya Belen aionenso. Anaiwerenga, ndipo ndinaona nkhope yake ikusweka pang'onopang'ono. Tsopano ankamva mawu a mkazi wake m'mizere ija. Amene anati Efren ndi munthu wabwino anali Belen. Amene anakumbukira buledi wotentha, ali pakati pa anthu anzeru onse aja, anali Belen. Analira ngati ng'ombe yophedwa. "Belen! Belen, ndiyang'ane!" Belen ankayang'ana zala zake zopindika pamwendo, ndipo sanadzutse mutu.

Woweruza anati panalibe chigololo, panalibe kupsa mtima kwadzidzidzi. Munthu amene wanola mpeni milungu itatu, n'kugula buledi woti anamizire mlonda wa pageti, wapha mwadala. Anamupatsa zaka makumi anayi. Tessie anakomoka, kapena anayerekeza, ndipo panalibe amene anamuthira madzi.

Belen sapetanso. Zala zija sizigwira singano. Amakhala kwa mayi ake, amagulitsa mazira, ndipo akuti amatha tsiku lathunthu osalankhula. Ku nyumba ya paphiri sanabwerenso. Misonkhano inapitirira, poti anthu osungulumwa satha, koma tsopano envulopu iliyonse ndimailemba kumbuyo ndi inki yofiira: MAWU NDI A MWINI KALATA, MNZAKE WANGOBWEREKA DZANJA. Nzeru imeneyi ndi yanga, ya sekondale. Anthu makumi awiri okhoza mayeso, katatu pachaka, zaka zonsezo, panalibe anaiganiza.

Ndiye phunziro lake ndi ili, kwa amene ali ndi makutu. Nzeru zimene sizidziwa kuti kunyumba kwatsala munthu, n'zoperewera. Koma choipa kuposa zonse ndi mtima umene umakonda kukhulupirira chimene chikuuwawa, mtima umene ungalole kunola mpeni milungu itatu kusiyana ndi kufunsa funso limodzi. Efren ankaopa kuti akafunsa aoneka wopusa. Anasankha kukhala wakupha.

Ndinakamuona kamodzi kundende, poti ndine munthu wachifundo. Wakalamba. Loya anamusiyira kope la kalata ija, ndipo amaisunga m'thumba la yunifolomu, yothetheka m'mapindo ngati yoyamba ija. Sanandifunse za mlandu, kapena za Tessie. Anakanikiza chala pa mzere womaliza, pagalasi lotilekanitsa.

"Aling Pacita, apa akuti ine sindidzakusiyanso. Ankauza ndani?"

"Ankadziuza yekha, Efren."

Anagwedeza mutu nthawi yaitali. "Ndiye kuti ine sanandilonjeze."

Belu linalira, msilikali anamugwira paphewa, ndipo anapinda pepala lake mosamala n'kulowa.